Kodi n'zoona kuti anthu ataliatali amadwala khansa kwambiri?

Sabata yatha, belu la nkhomaliro litalira, mnyamata wina wa fomu 3 anatsalira m'kalasi anzake onse atathamangira panja. Ndi uja anzake amamuti Mlongoti, amene amakhala kumbuyo kwenikweni chifukwa akakhala kutsogolo ena saona pa bolodi. Anandionetsa kapepala kamene anakoperapo uthenga wa pa WhatsApp kuchokera pa foni ya achemwali ake, wonena kuti asayansi atsimikiza zoti anthu aatali amafa ndi khansa. Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Aphunzitsi, ndiye kuti ineyo zanga zada?"

Ndinaseka, koma nditamuyang'ana ndinaona kuti iye sakuseka. Azakhali ake anamwalira ndi khansa chaka chatha, ndiye funsoli silinali la macheza ayi.

Ine si dokotala, ndimaphunzitsa fizikisi. Koma funso limeneli lili ndi miyezo, masamu ndi manambala ofuna kuwawerenga modekha, ndipo imeneyo ndi ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku. Yankho lalifupi ndi ili: inde, kutalika ndi khansa n'zogwirizanadi, asayansi sananame. Koma uthenga wa pa foni uja unatenga kanthu kakang'ono n'kukasandutsa chilombo.

Zimene anapeza

Kafukufuku wotchuka pa nkhaniyi anachitikira ku Britain, ndipo dzina lake ndi Million Women Study. Pakati pa 1996 ndi 2001 akatswiri a ku yunivesite ya Oxford analemba amayi a zaka zapakati pafupifupi 1.3 miliyoni, n'kumawatsatira kwa zaka zambiri. Mwa amayiwo munapezeka matenda a khansa oposa 97,000. Zotsatira zinatuluka mu 2011 m'magazini ya The Lancet Oncology, motsogozedwa ndi Jane Green. Anapeza kuti masentimita 10 alionse amene mayi waposa nawo mnzake, chiopsezo chodwala khansa chimakwera ndi 16 peresenti. Amayi a gulu lalitali kwambiri, a masentimita 175 kupita m'mwamba, anali ndi chiopsezo chokwera ndi 37 peresenti poyerekeza ndi a gulu lalifupi kwambiri, osafika masentimita 155. Ndipo sinali khansa ya mtundu umodzi. Ya m'mawere, ya m'matumbo, ya impso, ya m'magazi, ya m'thumba la mazira, ya pakhungu yotchedwa melanoma, zonsezi zimakwera limodzi ndi msinkhu.

Mu 2015 akatswiri a ku Karolinska Institutet ku Sweden anaunika zolembedwa za anthu 5.5 miliyoni, amuna ndi akazi, obadwa pakati pa 1938 ndi 1991. Anapeza zofanana: 18 peresenti kwa akazi ndi 11 peresenti kwa amuna pa masentimita 10 alionse.

Pano wophunzira wochenjera ayenera kukweza mkono. Paja timanena m'kalasi kuti zinthu ziwiri zikamayendera limodzi sindiye kuti china chikuyambitsa chinzake. Anthu aatali ku Ulaya nthawi zambiri amachokera m'mabanja opeza bwino. Mwina amadya mosiyana, amamwa mowa wambiri, amabereka mochedwa, kapena amangopita kuchipatala pafupipafupi ndiye khansa yawo imapezeka msanga. Ofufuza a ku Oxford aja analiganizira funso limeneli. Anawagawa amayiwo potengera chuma chawo, mowa, kunenepa, zaka zimene anatha msinkhu, chiwerengero cha ana, ndipo mgwirizano uja sunachoke. Pamene unafooka ndi pa amayi osuta fodya basi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: fodya ndi ng'oma, kutalika ndi kunong'ona, ng'oma ikamalira kunong'onako sikumveka.

Njerwa zambiri, zosweka zambiri

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi funso loti khansa n'chiyani. Thupi la munthu wamkulu lili ndi maselo pafupifupi 30 thiriliyoni. Lembani 30 kenako maziro 12, muone kutalika kwa nambalayo. Ambiri mwa maselowa amatha, ndipo ena amagawikana kuti alowe m'malo mwawo. A m'kati mwa matumbo amasinthidwa pakangopita masiku ochepa. Selo likamagawikana limayenera kukopera DNA yake yonse, malembo oposa 3 biliyoni, kuti selo latsopanolo likhale ndi malangizo ake.

Mumadziwa zimene zimachitika mukamakopera notsi kwa mnzanu, amenenso anakopera kwa mnzake. Pamene panali 6 pamasanduka 0, liwu lina limadumphidwa. Selo limakopera bwino kwambiri kuposa inu, ndipo lili ndi njira zobwereza n'kukonza zolakwa, koma kamodzikamodzi cholakwa chimapulumuka. Zolakwa zambiri sizivulaza. Vuto limabwera pamene zolakwa zingapo zaunjikana m'selo limodzi, pa majini amene amalamula kuti selo ligawikane liti ndipo lisiye liti. Selo lotero limakhala ngati minibasi yoduka mabuleki pa mtsetse. Limangogawikana osaima, ana akenso chimodzimodzi, mpaka chotupa. Mfundo yoti pamafunika zolakwa zingapo motsatizana anaifotokoza ndi masamu Peter Armitage ndi Richard Doll kale mu 1954, ndipo n'chifukwa chake khansa zambiri zimagwira anthu achikulire. Zolakwazo zimafuna nthawi kuti zikwane.

Tsopano tamverani apa. Munthu wamtali alibe maselo akuluakulu kuposa a munthu wamfupi. Ali ndi maselo ochuluka. Amene anaumbapo njerwa akudziwa: mwa njerwa 1,000 zingapo zimasweka, ukaumba 5,000 zosweka zimachulukanso, ngakhale dothi ndi woumba ali yemweyo. Selo lililonse ndi mpata umodzi woti zinthu zilakwike. Maselo ambiri, mipata yambiri.

Tulutsani kakyuleta

Apa ndiye pamene ine ndimasangalala, chifukwa ganizo limeneli tikhoza kuliyesa tokha.

Titenge atsikana awiri, wina wa masentimita 160, wina wa 170. Gawani 170 ndi 160, mupeza 1.0625. Wachiwiriyo ndi wamtali ndi 6 peresenti yokha. Nanga maselo ake achuluka bwanji? Mukukumbukira lamulo la ma scale factor: mukakulitsa bokosi mbali zonse zitatu, voliyumu imakula ndi nambalayo kuichulukitsa katatu. 1.0625 × 1.0625 × 1.0625 ndi pafupifupi 1.20. Ndiye munthu akanakhala bokosi, tikanati maselo achuluka ndi 20 peresenti.

Koma munthu si bokosi. Munthu wamtali sakula m'mbali ndi m'mimba mofanana ndi mmene wakulira m'litali. M'zaka za m'ma 1830, katswiri wa masamu wa ku Belgium, Adolphe Quetelet, anayeza anthu ambiri n'kupeza kuti kulemera kwa anthu akuluakulu kumatsatira msinkhu wochulukitsidwa kawiri, osati katatu. N'chifukwa chake BMI imene amawerengera kuchipatala imagawa makilogalamu ndi mamita ochulukitsidwa kawiri. Ndiye tiyeni: 1.0625 × 1.0625 ndi 1.13. Maselo achuluka ndi 13 peresenti. Yesaninso ndi anyamata a masentimita 175 ndi 185, mupeza pafupifupi 12 peresenti.

Mwaona? Ndi kakyuleta yokha tafika pa manambala oyandikana ndi a ofufuza aja. Zoterezi n'zimene anachita Leonard Nunney wa ku University of California, Riverside, mu 2018, ngakhale masamu ake anali ozama kuposa athu. Iye anawerengera kuti ngati kuchuluka kwa maselo ndiko kumayambitsa zonsezi, chiopsezo chiyenera kukwera ndi 13 peresenti kwa akazi ndi 11 peresenti kwa amuna pa masentimita 10. Atafanizira ndi zotsatira za makafukufuku anayi akuluakulu, anapeza 12 peresenti kwa akazi ndi 9 peresenti kwa amuna. Mu sayansi, kulosera nambala kenako n'kuipeza pafupi chotere ndi umboni wolemera. Mwa mitundu 23 ya khansa imene anaunika, 18 imakwera ndi msinkhu.

Ganizo lomweli limathandizanso kufotokoza chinthu china chimene chinadziwika kale, choti pa ziwalo zimene amuna ndi akazi onse ali nazo, amuna amadwala khansa kwambiri. Mbali ina ya kusiyanako ndi yoti amuna ndi aatali basi. Agalu nawonso: khansa ya m'mafupa imavutitsa mitundu ikuluikulu monga Great Dane ndi Rottweiler kuposa tiagalu ting'onoting'ono.

Mudzi wa anthu aafupi ku Ecuador

Komabe kuwerenga maselo sikumaliza nkhani yonse. Melanoma, mwachitsanzo, imakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa masentimita 10, kuposa mmene khungu lowonjezerekalo lingafotokozere. Payenera kuti pali chinthu chinanso, ndipo ofufuza ambiri amaloza chala mahomoni okulitsa thupi.

Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa, pituitary, kamene kamatulutsa homoni yokulitsa. Homoniyo ikafika ku chiwindi, chiwindi chimapanga ina yotchedwa IGF-1, imene imauza maselo kuti agawikane, komanso kuti asafe msanga. Inu amene muli fomu 1 ndi 2, amene thalauza la chaka chatha likulekeza m'mawondo, IGF-1 ndiye ili pa ntchito. Kwa mwana amene akukula, uthenga woti gawikana, usafe, ndi wabwino. Koma kwa selo limene DNA yake yawonongeka, uthenga womwewo ndi mafuta pa moto.

Umboni wochititsa chidwi unachokera kumapiri a kum'mwera kwa Ecuador. Kumeneko kuli mabanja okhala ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa Laron syndrome, dzina lochokera kwa dokotala Zvi Laron wa ku Israel amene analifotokoza mu 1966. Anthuwa homoni yokulitsa ali nayo yambiri, koma maselo awo saimva, ngati foni yoti ikuimbidwa koma ilibe netiweki. Choncho IGF-1 amakhala nayo yochepa kwambiri, ndipo munthu wamkulu amangofika cha m'ma masentimita 120, msinkhu wa mwana wa zaka 7. Dokotala wa konko, Jaime Guevara-Aguirre, anawatsatira kwa zaka 22, ndipo mu 2011 iye ndi Valter Longo anafalitsa zimene anapeza. Mwa anthu 99, mmodzi yekha ndiye anadwala khansa, ndipo sinamuphe. Mwa abale awo a msinkhu wamba, okhala m'midzi yomweyo, 17 pa 100 alionse anadwala khansa. Shuga nayenso sanapezeke mwa anthu aafupiwo, ngakhale ambiri anali onenepa.

Musawasirire msanga. Sanakhale ndi moyo wautali kuposa abale awo, chifukwa ambiri anafa ndi ngozi, mowa ndi matenda a kugwa.

Nanga njovu?

Mlongoti nditamufotokozera za njerwa zija, anaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Ndiye njovu za ku Liwonde zonse zikanatha ndi khansa." Funso limenelo linandikondweretsa tsiku lonse, chifukwa ndi lomwe anafunsa katswiri wa ku Oxford, Richard Peto, m'zaka za m'ma 1970. Munthu ali ndi maselo ochuluka kuwirikiza pafupifupi 1,000 kuposa mbewa, ndipo amakhala zaka zambiri kuwirikiza 30. Mwa masamu athu aja, tonse tikanafa ndi khansa tisanalowe sitandade 1. Koma sizitero. Njovu ili ndi maselo ochuluka kuwirikiza pafupifupi 100 kuposa munthu, imafika zaka 60 kapena 70, koma mwa njovu zimene imfa zake zinaunikidwa, zosakwana 5 pa 100 ndizo zinafa ndi khansa. Chodabwitsa chimenechi chimatchedwa Peto's paradox.

Mbali ina ya yankho inapezeka mu 2015, ndi magulu awiri a ofufuza a ku America, lina la Joshua Schiffman, lina la Vincent Lynch. Pali jini yotchedwa TP53, mlonda wa selo. DNA ikawonongeka, mlondayu amaimitsa selo kuti likonzedwe, ndipo zikakanika amalilamula kuti lidziphe lisanabale ana oipa. Inu ndi ine tili ndi peyala imodzi ya jini imeneyi, ina yochokera kwa mayi, ina kwa bambo. Njovu ya ku Africa ili ndi mapeyala 20. Maselo ake akangovulala pang'ono sachedwa kudzipha.

Ndiye lamulo lake lili motere. Pakati pa mitundu yosiyana ya nyama, yaikulu inapeza alonda ambiri m'zaka mamiliyoni zimene inakhala ikukula, apo ayi sikanakhalapo lero. Koma m'kati mwa mtundu umodzi, anthu okhaokha kapena agalu okhaokha, alonda ndi ofanana, ndiye wamkulu thupi ali ndi katundu wambiri woti alonda omwewo ayang'anire.

Kodi 16 peresenti ndi yaikulu bwanji?

Apa ndi pamene uthenga wa pa foni uja unapusitsa anthu. Mawu oti chiopsezo chakwera ndi 16 peresenti sakutanthauza kuti anthu 16 mwa 100 adwala. Funso loyamba mukamva peresenti lizikhala loti: peresenti ya chiyani? Mtengo wa switi ukakwera ndi 16 peresenti ndiponso mtengo wa njinga ukakwera ndi 16 peresenti, thumba lanu silimva kuwawa kofanana.

Mu kafukufuku wa ku Britain uja, mwa amayi 100,000 a msinkhu wapakati, pafupifupi 850 ankapezeka ndi khansa pa chaka. Mwa aafupi kwambiri anali pafupifupi 750, mwa aatali kwambiri pafupifupi 1,000. Tembenuzani manambalawo. Mwa amayi aatali 100,000, okwana 99,000 chaka chimatha alibe khansa. Mwa aafupi ndi 99,250. Kusiyana kulipo, ndipo kwa boma limene likukonza zipatala za dziko lonse n'kofunika. Kwa munthu mmodzi n'kochepa.

Fanizirani ndi fodya. Wosuta ali ndi chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chowirikiza 15 mpaka 30 kuposa wosasuta. Kuwirikiza 15 ndi kukwera ndi 1,400 peresenti. Mnyamata wamfupi amene amabisala kuseri kwa zimbudzi ndi ndudu ali pa moto woposa wa Mlongoti kutalitali.

Ndipo kutalika kuli ndi phindu lakenso, limene uthenga uja sunatchule. Anthu aatali sadwala kwambiri matenda a mitsempha ya mtima. Kafukufuku wa majini amene anatuluka mu 2015 mu New England Journal of Medicine anapeza kuti kufupika ndi masentimita 6.5 kumakweza chiopsezo cha matendawa ndi 13.5 peresenti. Uku wapindula, uku waluza.

Kwathu kuno

Manambala ambiri amene ndatchulawa anachokera ku Britain, Sweden, America, South Korea ndi maiko ena olemera, kumene khansa zofala ndi za m'mawere, m'matumbo, m'mapapo ndi prostate. Kuno ku Malawi chithunzi n'chosiyana. Khansa imene ikupha amayi ambiri ndi ya khomo la chiberekero, ndipo dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansayi ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo Nunney anapeza kuti ili m'gulu la khansa zochepa zija zimene sizitsatira msinkhu. Kaposi sarcoma, ija imatulutsa mabala akuda pakhungu, imayambanso ndi kachilombo ndipo imalusa pamene HIV yafooketsa chitetezo cha m'thupi. Khansa ya kummero ndi yofalanso kuno kuposa maiko ambiri. Ya m'chiwindi imakhudzana ndi Hepatitis B komanso poizoni wa chuku, aflatoxin, wa mu mtedza ndi chimanga zosungidwa ponyowa.

Azakhali a Mlongoti inali ya khomo la chiberekero. Msinkhu wa banja lawo sunalowepo. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, ndiye ambiri mwa inu atsikana munabayidwa muli ku pulayimale. Ngati munaphonya, kapena mng'ono wanu makolo akumukaniza chifukwa cha mphekesera zoti katemerayu amatseka mimba, kafunseni ku chipatala chapafupi. Mphekeserayo ndi yabodza. Amayi anu ndi achemwali anu aakulu akhoza kukayezetsa khomo la chiberekero, ndipo zikapezeka msanga zimachizika zisanasanduke khansa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimaopa pa nkhani ngati iyi, choti wina angaganize kuti kupinimbira ndi chitetezo. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka 5 ku Malawi ndi opinimbira. Kufupika kobwera ndi njala ndi matenda si kofanana ndi kufupika kotengera kwa makolo. Mwana wopinimbira amadwaladwala, ubongo wake sukula mokwanira, sukulu imamuvuta, ndipo mtsikana wotero akadzakula amakhala pa chiopsezo pobereka. Maiko amene anathetsa njala ya ana anthu ake anatalika, amayi a ku South Korea anawonjezera pafupifupi masentimita 20 m'zaka 100, ndipo moyo wawo unatalikanso, sunafupike. Phala, mazira, usipa, nyemba, idyani ndithu. Kumana mwana chakudya poopa 16 peresenti kuli ngati kuotcha nkhokwe pothamangitsa khoswe.

Tsiku lotsatira ndinamuimika Mlongoti pa khoma la labu, ndinaika buku pamutu pake, tinayeza ndi mamita rula awiri. Masentimita 186, ndipo ali ndi zaka 17. Mnzake wokhala naye desiki imodzi anakwana 168. Ndinawapatsa ntchito yoti agawe 186 ndi 168, achulukitse yankholo kawiri, andiuze kuti Mlongoti ali ndi maselo ochuluka ndi maperesenti angati. Anatsutsana mpaka belu kulira chifukwa wina anachulukitsa katatu. Yesani nanunso, kenako muyeze wamtali ndi wamfupi wa m'kalasi mwanu muone kuti kwanuko zikutuluka bwanji.